Impso Imene Mlongo Wathu Anapereka

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1966, m'chipinda chakumbuyo cha nyumba ya lendi imene makolo athu ankakhala pafupi ndi njanji. Anali oyamba mwa ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine wachitatu, ndipo ndikupempha inu akuluakulu, amayi ndi abambo, kuti mundipirire mawu akamandithawa.

Sukulu anayamba mu 1973. Mu 1976 chikuku chinalowa m'nyumba mwathu, chinagwira malemu pamodzi ndi mng'ono wawo wopondana nawo. Ankagona bedi limodzi, ankafunda bulangete limodzi. Malemu anachira, koma mng'ono wawoyo anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ankatiuza kuti kwa chaka chathunthu malemu ankawafunsa funso limodzi lomwelo: matenda amodzi, bedi limodzi, nanga bwanji wina wapita wina watsala? Funsolo ndi limene linawasankhira ntchito.

Anamaliza sekondale mu 1985, anachita maphunziro a zoyeza magazi, ndipo mu Epulo 1989 anayamba ntchito mu labotale ya chipatala. Amene munalowamo mukukumbukira kachipinda kaja: zenera limodzi, firiji yolira ngati galimoto yakale, timabotolo ta magazi tili ndandanda pa thebulo. Makina oonera tizilombo anali akale, a diso limodzi, ndiye tsiku lonse ankakhala atatsinzina diso lakumanzere. Anzawo anawapatsa dzina loti a Diso Limodzi, ndipo iwo ankavomera akaitanidwa choncho.

Pa 18 Julayi 1992 anamanga banja ndi alamu angawa, amene panthawiyo anali atangoyamba uphunzitsi. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Kwathu munthu ukadzicheka chala pamaso pa malemu, unkalandira bandeji ndi phunziro lomwe. Ankatiuza kuti khungu ndiye mpanda woyamba, ndipo misozi, malovu ndi mamina amene timanyansidwa nawo amakola ndi kutsuka tizilombo tisanalowe. Tizilombo tikadutsa pamenepo, maselo oyera a m'magazi, amene ambiri timawatchula asilikali a m'thupi, amathamangira pabalapo. N'chifukwa chake pamatupa, pamafiira, pamatentha. Mafinya ankati ndi asilikali amene afera pantchito pamodzi ndi tizilombo timene apha. Mu 2003 mwana wanga anatentha thupi atabayitsa katemera, ine n'kulumbira kuti sadzabayitsanso. Malemu anabwera kunyumba masana omwewo atavala yunifolomu. Anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, thupi la mwanayu likuphunzira. Aliwonetsa nkhope ya mdani wopanda mphamvu, kuti weniweniyo akadzabwera lidzamudziwe msanga. Mawa adzuka akusewera." Anadzukadi akusewera, ndipo malemu anandiseka nazo zaka zambiri.

Mu 2016 anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi limene linali litawononga kale impso. Mu 2021 impso zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito. Anapuma pantchito, n'kuyamba kupita ku makina osefa magazi katatu pa sabata. Madzi akumwa ankachita kuwayezera m'kapu. Munthu wa nthabwala uja anayamba kukhala duu pakhonde.

Madokotala atanena zoti pakufunika impso ya wachibale, tinakayezetsa. Magazi anga sanagwirizane ndi awo. A alamu sanagwirizanenso. Amene anagwirizana ndi mlongo wathu womaliza kubadwa, telala uja ambiri mumamudziwa. Malemu anakana miyezi inayi. Mlongo wathu anatseka shopu yake, n'kumapita nawo ku makina aja tsiku lililonse loikika, kumangokhala pambali pawo, mpaka malemu anagonja. Opaleshoni inachitika pa 6 Sepitembala 2022.

Isanachitike, anatiitana tonse pabalaza. Anati, "Thupi langa silidzadziwa kuti impsoyi ndi ya mlongo wanga. Asilikali anga adzaiona ngati mdani, adzalimbana nayo. Ndiye ndizimwa mankhwala owafooketsa, m'mawa ndi madzulo, moyo wanga wonse. Impso idzakhala pamtendere, koma kachilombo kamene inu simukamva n'komwe, ine kakhoza kundigwetsa. Ndikulowa ndikudziwa." Tinamva, koma kunena zoona sitinamvetse. Ife tinkangoona kuti achimwene achira.

Anakhaladi bwino pafupifupi zaka zitatu. Ananenepa, ankamwa madzi mmene akufunira, anaonerera mwana wawo wamkazi akumaliza maphunziro a unamwino. Ankavala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ankapewa pagulu, sankapereka moni wa pamanja. Ena mwa ife tinkati ayamba kunyada. Sikunali kunyada.

Tsopano ndafika povuta. Pa 21 Juni chaka chino mlongo wathu anapita kukawapatsa malaya amene anawasokera. Anali ndi kachimfine, ndiye anaima pakhomo, akufuna kungosiya n'kubwerera. Malemu anamukakamiza kuti alowe. Anacheza pafupifupi ola limodzi, mazenera ali otsekula. Patatha masabata atatu malemu anayamba kupuma mobanika, ndipo pa 14 Julayi anagonekedwa ndi chibayo. Madokotala anali pakati: kuchepetsa kwambiri mankhwala aja kunali kuika impso pachiswe, kuwapitiriza kunali kusiya mapapo opanda chitetezo. Anayesa zonse zimene akanatha. Tsiku lachinayi malemu anapempha pepala la zotsatira za magazi awo. Anawerenga monga ankawerengera a anthu ena kwa zaka makumi atatu, analipinda bwinobwino, n'kupempha alamu kuti aitane ana. Anatisiya pa 23 Julayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa.

M'khonde la chipatala tsiku limenelo, ine ndinayankhula mawu oipa. Ndinafunsa mlongo wanga, anthu akumva, kuti, "Iwe unalowa bwanji m'nyumba muja ukutsokomola?" Mawuwo anayenda, ndipo ndamva akunong'onedwa ngakhale pano dzulo. Kuyambira tsikulo mlongo wathu sanadye chakudya chenicheni, ndipo m'nyumba ya malemu sanalowemo.

Dzana ine ndi alamu tinabwerera kwa dokotala amene ankasamalira malemu. Anationetsa zimene anapeza m'mapapo. Sichinali chimfine chija. Kanali kachilombo kena kamene kamayenda mumpweya, kamene ambirife timakumana nako thupi n'kuthana nako ife osadziwa. Anati palibe munthu angaloze amene anakabweretsa, kaya malo amene anakatenga. Alamu anandiuzanso mawu amene malemu ananena m'chipatala, ali ndi chubu cha mpweya pamphuno: "Aliyense asadzamuvutitse mlongo wanga. Zaka zitatuzi wandipatsa ndi iyeyo."

Ndinalakwa pagulu, ndiye ndipepesa pagulu. Achemwali, ndikhululukireni. Ndinkafuna wina womuloza chala chifukwa mtima unkandiwawa, ndipo ndinaloza munthu amene ali ndi chipsera pamimba chifukwa cha achimwene. Sindikudziwa ngati mawu aja adzachoka mumtima mwanu. Mwina sadzachoka, ndipo katundu ameneyo ndi wanga.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ine mng'ono wawo, ndi mlongo wawo. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku makina osefa magazi ndi a muwodi, anzawo a mu labotale amene anayeza magazi a mnzawo misozi ili m'maso, oyandikana nawo nyumba amene ankawanyamula pa galimoto, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Achemwali, ndakuonani mwakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Alamu akusungirani mpando pambali pawo. Mwambowu supitirira mpaka mutabwera kudzakhala apa.

Achimwene, mwavutika mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.