A Daka Anasiya Nyumba ya Malata

Malemu anabadwa pa 12 Juni 1936 kwa Kalindawalo, achitatu m'banja la ana asanu ndi awili. Dzina lawo ndi a Eustace Daka. Ine ndaimilila pano ndine Hilary, mng'ono wawo. Pepala la mbili iyi ndalemba kawili. Loyamba ndinalemba ndili ndi mkwiyo, ndipo munali mawu olemela okhudza alamu athu, amai Consolata. Ili ndagwilali ndalemba m'mawa uno, ndiye ndikamadodoma penapake mundikhululukile.

Sukulu anayamba mu 1946 ku Minga, kumene anamaliza Sitandade 6. Mu 1955 analembedwa ukalaliki pa msika wa thonje, koma sanakhalitse, chifukwa mlimi akayamba kudandaula iwo ankasiya sikelo n'kumamvetsela mpaka mzele kufika kumseu. Pa 9 Sepitembala 1961 anakwatila amai Consolata Sakala a ku Msanzala. Patapita chaka chimodzi dziko litalandila ufulu, mu 1965, analowa nchito yoona za umoyo wa anthu ovutika pa boma la Petauke.

Mu 1984 anawatumiza kuno ku Nyimba kuti ayang'anile nyumba ya osowa pogona. Poyamba munkagona nkhalamba zopanda abale ndi odwala mutu ochokela pa siteshoni ya basi. Kenaka anayamba kufika othawa nkhondo ku Mozambiki, ena opanda makutu, ena atanyamula mwana amene anamwalila kale panjila. Anchito analipo asanu okha, ndipo chaka chisanathe onse anali atasintha. Amai Rabecca, ophika, ankangoyamba kulila ali pamoto. A Fabian, amene ankasambitsa odwala, analowelela kachasu. A Morgan, alonda, munthu wofatsa uja, tsiku lina anamenya nkhalamba chifukwa chotaya phala.

A Daka sanachotse munthu nchito. Mu 1986 anakhazikitsa lamulo lakuti Lachisanu lililonse, 15 koloko ikakwana, anchito azikhala pa mabenchi kuseli kwa khichini, aliyense anene chimene chamulemela mlungu umenewo, ndipo wina asamudule mawu kapena kumulangiza. Ife kumudzi tinkaseka, tinkati achimwene atsegula tchalitchi chopanda nyimbo. A cheyamani a chipani nawo anabwela kudzaona ngati si msonkhano wopanda chilolezo. Anakhala pansi ndi kabuku kawo, ndipo pochoka anali atafotokoza za mchimwene wawo amene anasowa ku migodi. A Fabian anasiya mowa chaka chomwecho, ndipo palibe wanchito anathawa.

Tsopano ndafika pamene pavuta. Pa 6 Malichi chaka chino cha 1989, dzuwa lili pamutu, malemu anapinda bulangeti limodzi, anatsanzika akazi awo mwaulemu, n'kupita kukagona pa mphasa ku nyumba ya osowa pogona ija. Munthu wa nyumba ya malata, wa bedi la sipuling'i, wa ana ophunzila. Tinapita katatu kukawatenga. Ankatilandila bwino, kutifunsa za mvula ndi za ng'ombe, koma tikanena zobwelela kunyumba ankangoti ayi, pano pali bwino. Tinawatengela kuchipatala, adokotala anati magazi athamanga pang'ono basi. Tinapita kwa asing'anga awili, wina anati ndi mizimu ya ku Mozambiki, wina anati ndi munthu wa pakhomo pawo pomwepo. Ife tinasankha kumva wachiwiliyo. Tinati mwamuna sachoka pakhomo pake popanda womuthamangitsa, ndipo woyamba kunena zimenezi ndinali ine.

Kuzizila kwa mu Juni kunawapeza pa mphasa pomwepo. Anadwala chibayo, anawagoneka ku chipatala cha Minga pa 11 Julayi, ndipo pa 19 Julayi anatisiya ali ndi zaka 53. Abale tinagwilizana kuti malilo akatha alamu athu sitiwamasula ku umasiye, nyumba atuluke, mlandu ukambidwe kumudzi.

Dzulo madzulo anchito asanu aja anapempha kuonana ndi banja. Anati m'zaka zitatu za misonkhano ya Lachisanu, a Daka sananenepo chawo ngakhale kamodzi. Onse akamaliza iwo ankangothokoza n'kubweza mabenchi, ndipo palibe anaganiza zowafunsa, poti anali akulu a nchito. Amai Rabecca ndiwo anawafunsa mwezi wa Meyi chifukwa chimene anachokela kwawo, ndipo yankho lake ndalilemba monga anandiuzila: "Nikabwelela kunyumba sinimafika nekha. Onse amene mumaniuza aja amabwela na ine, amakhala pa tebulo, amagona pakati pathu. A Consolata sanalakwe kanthu kuti azikhala na anthu onse aja. Bola nikhale nawo kuno." Anatiuzanso kuti miyezi yonse inayi alamu athu ankabwela m'mawa uliwonse ndi tiyi ndi malaya ochapa, pamene ife tinkawanena kumudzi.

Anamalila inu, ine sindinamvetsebe. Sindidziwa ngati iyi inali misala, kapena chifundo chopyola muyeso, kapena matenda amene alibe dzina m'chinenelo chathu. Sindinamvepo kuti munthu angadwale chifukwa chomvetsela anzake. Kukhala nditawafunsa bwino tsiku limodzi, m'malo mowakokela kwa asing'anga, kaya akanandiuza, sindidziwa. A bwana a ku boma muli pano, amene mudzamuike pa mpando wa a Daka mum'pezelenso womumvela.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, Agness, Jethro, Sophia ndi Amon, adzukulu asanu ndi mmodzi, ndi abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino a ku Minga, a mpingo, adzukulu okumba manda, a Morgan amene anapeza galimoto, ndi anthu a ku nyumba ya osowa pogona amene ayenda pansi kudzakhala nafe.

Alamu, mawu otsiliza ndi anu, ndipo ndiwanena pagulu chifukwa ndinakunyozani pagulu. Mlandu palibe. Nyumba ndi yanu ndi ana, ndipo tsiku lomasula likafika tidzakumasulani ndi manja awili. Amuna anu simunawathamangitse, ankakutetezani m'njila imene ife sitinaidziwe. Tinalakwa, ndipo ine ndinalakwa koposa onse.

Achimwene a Eustace Daka, mwamva za anthu mokwanila. Mulungu akumveleni inunso, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendele.