Kampasi Yoloza kwa Mkazi Wakale

Pamzere wa kwa wokonza zamagetsi, mayi wina, mwini maboti awiri, anaima kumbuyo kwa bambo amene anakumbatira ngati khanda rada yakale, makina othandiza boti kuona zakutsogolo m'chifunga, kampasi yolozera njira ikusuzumira m'thumba la malaya. Mayiyo analephera kuugwira mtima.

"Bambo, chadwala n'chiti pa ziwirizo?"

"Chilichonse pachokha chili bwinobwino, mayi. Koma ndikaziika pamodzi m'boti, sizimvana. Radayi ndinachita kugula kwa wina, kampasiyi anandisiyira malemu bambo anga. Kukangochita chifunga, kampasi imandisocheretsa, n'kupezeka ndakocheza padoko lina."

"Doko liti?"

"Pamene amagulitsapo tiyi mkazi wanga wakale. Katatu konse! Kunyumba kwayaka moto. Mayi a ana akuti ndibweretse kalata yochokera kwa wokonza, apo ayi ndikapeza zovala zanga zili panja."

"Munaziika motalikirana bwanji?"

"Mogundizana."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Rada zakalezi zimakhala ndi maginito m'kati, amakoka singano ya kampasi. Inenso zinandichitikirapo. Ingozitalikitsani, basi."

"Mwandipulumutsa, mayi! Mawu omwewo mukawanene kwathu, chonde."

"Palibe vuto, ndikhoza kupita. Koma radayo munaiika liti m'botimo?"

"Lachiwiri lapitali."

"Nanga kusocherako kunayamba liti?"

Bamboyo anayang'ana kudenga, n'kusunthira rada kudzanja lina.

"Mwezi watha."

"Aaa, bambo, tulukani pamzerepa, tisachedwetsane. Maginito amene akukukokani inuwo sali m'radamo."