Botolo la Azakhali Lazima

— Halo?

— Halo, azakhali a Borghild? Ndine Sunniva.

— Ndaona dzina pafoni. Wadzuka bwanji ku Bergen?

— Ndadzuka bwino, kaya inu kuchilumbako?

— Tadzuka. Bondo ndi lomwe lija, mvula ndi yomwe ija.

— Nanga ankolo a Torleif?

— Ali moyo, ndawasiya m'mawa akulimbana ndi tayi. Paja lero tikubatiza mwana wa Åshild, iwe unati ntchito yakuchulukira.

— Pepani, azakhali. Mwanayo ali bwanji?

— Akuyamwa ngati thole. Nena msanga, ndili m'khitchini ya kutchalitchi, manja ali m'anyezi.

— Madzi a m'nyanja aja munanditumizira ku labu, munatunga ndi chiyani?

— Ndi mabotolo ako agalasi aja.

— Simunayambe mwatunga ndi ndowa yamalata ija?

— Iwe mwana iwe, ndowa ija ndimakolopera. Ndinavala magolovesi ako, n'kupalasa boti mpaka kupitirira doko, monga ndimachitira nthawi zonse.

— Ndimalakalaka mukanati ndi ndowa.

— Chifukwa?

— Mukukumbukira ntchito yathu? Tili ndi tizilombo ta m'nyanja tosaoneka ndi maso, timene timawala. Timatiika m'madzi, n'kuthiramo matope ochokera pansi penipeni pa nyanja, kuja akufuna kukumba miyala. Matopewo ali ndi zitsulo monga kopa, zinki ndi zina. Poizoni akachuluka, kuwala kumazima.

— Unandifotokozera pa Khirisimasi mpaka khofi anazizira. Pitiriza.

— Ndiye botolo limodzi sitithiramo kanthu. Mumakhala madzi anu okhaokha, poti kwanuko ndi koyera. Ndi limene timayerekezera nalo enawo.

— Eya.

— Lanulo lazima, azakhali. Ikanakhala ndowa, ndikanati ndi zinki wa m'malata ake.

— Tizilombo tako tinali todwala kale.

— Tinatenga tatsopano. M'madzi ochokera kwina tikuwala bwinobwino. M'madzi anu, mdima bii.

— Dikira kaye.

— Halo? Mukundimva?

— Ndilipo. Ndimatseka chitseko, azimayi amuno makutu awo ndi aatali.

— Kwachitika chilichonse chachilendo kumeneko?

— Sitima ija yofufuza miyala pansi pa nyanja. Inathawa namondwe n'kudzakocheza padoko lakale la fakitale ya nsomba. Anthu ake ankatsuka makina awo ndi mapaipi, madzi otuwa ngati phulusa akuyenderera mpaka kumiyala kwathu. Ankolo ako anachita kuwapititsira khofi.

— Bwanji simunandiuze?

— Unandifunsa? Ndipo pali china. Nyengo ino nkhafi ikamenya madzi usiku pamatuluka moto wobiriwira uja, unkaukonda uli mwana. Chaka chino sindinauone. Ndimati ndi maso angawa.

— Azakhali, mukuphika chiyani kumeneko?

— Supu.

— Wa chiyani?

— Wa nkhono za m'nyanja.

— Zakusitolo?

— Zakusitolo pa ubatizo? Kwathu kuno? Tinatola tokha dzulo madzi ataphwera, mudzi wonse, monga tinachitira pa ubatizo wako.

— Kuti?

— Kumiyala kwathu.

— Mayo ine. Azakhali, nkhono zimasefa madzi, chilichonse chili m'madzimo zimasunga m'thu—

— Usandiphunzitse nkhono. Ndiyankhe: zingaphe munthu?

— Sindikudziwa. Mwina ayi. Sitinapeze kuti m'madzimo muli chiyani kwenikweni, kapena n'chochuluka bwanji.

— Mwina! Åshild akuyamwitsa, ndipo supuyu anapempha ndi iyeyo. Mbale yoyamba ndi yake.

— Musamupatse. Musapatse aliyense. Koma chonde musanditchule. Abwana ati pasatuluke mawu mpaka tiyesenso, ndiponso a kampani imene inatipatsa ntchitoyi aone kaye zotsatira. Ndinasaina kuti sindiulula.

— Ukumveka ngati uli m'chitsime.

— Ndabisala m'chipinda chozizira chosungiramo mabotolo. Netiweki muno ndi yovuta.

— Ndiye anthuwa ndiwauze chiyani? Kuti ndalota? Torleif atenga supuni n'kulawa pamaso pawo, onse n'kuseka, kenako n'kudya.

— Nenani kuti zanunkha.

— Azimayi onse amuno azinunkhiza kale. N'zabwino kuposa za chaka chatha, zonenepa. Tamvera! Belu ilo, akutuluka m'tchalitchi.

— Azakhali, titani?

— Usalire, kulira sikuphula mphika. Mphikawu uli m'mphepete mwa sitovu, ndipo bondo langali mudzi wonse ukulidziwa.

— Mukufuna kutani?

— Ndigwa nawo.

— Mupsa!

— Ndavala magambuti. Adya buledi ndi tchizi, safa nazo. Anena kuti Borghild wakalamba, mulandeni khitchini. Ingebjørg wakhala akuifuna kalekale, aitenge.

— Pepani, azakhali. Ndikanakhala ndi—

— Zopepesazo usunge. Tamvera kuno, Sunniva. Dzulo tinatola zambiri. Aliyense anapita ndi ndowa yake kunyumba, ya mawa ndi mkuja.

— Aliyense?

— Khomo lililonse. Ine bondo ndili nalo limodzi lodwala, sindingagwe m'khitchini iliyonse.

— Azakhali, wina akugogoda. Ndi abwana, ndiyenera—

— Atsegulire. Uwauze zimene ndakuuzazi, kuti ndowa zili m'makomo. Åshild uyo akulowa, mwana ali m'manja. Ndapita ine.

— Samalani, aza—

— Halo? Sunniva? Uwauze lero lomwe, wamva? Halo?