Tambala wa Apongozi Analira Kumbuyo Kwanga

Zaka za m'ma sevente zija, mano anga akali onse m'kamwa ndipo tsitsi lili bii ngati mwaye wa pamphika, ine Lazaro Phiri ndinali mkamwini watsopano kumudzi kwa agogo anu aNabanda, pakati pa Sinda ndi Katete. Sendezani lichero la nsawalo pafupi, ana inu, manja azisenda makutu azimva. Iwe uko, chotsa tizingwe tako m'makutumo. Masiku ano aliyense amamvera nyimbo yekhayekha ngati akumwa mankhwala, koma ife kale nyimbo tinkaimva ndi chifuwa, ikalira nthiti zinkavomera.

Ukamwini wa nthawi imeneyo sunali wamasewera. Apongozi akamabwera m'njira, iwe umapatukira m'tchire n'kunjuta, ngakhale pakhale chitedze. Tsono apongozi anga anali ndi tambala wofiira dzina lake Sajeni, wamkulu moti agalu ankamupatsa moni. Kulira kwake kunali kwakekwake: amayamba bwino, kokoliri, ndipo akafika pakati amatsamwa n'kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe. Loweruka lina apongozi anatumiza mawu kudzera kwa mkazi wanga kuti ndikapereke Sajeni kwa alongo awo ku Katete, amene anali atangotuluka m'chipatala. Ndinamukulunga m'kansalu, ndinakwera njinga, ulendo.

Koma nditafika pa Katete ndinapeza fumbi lili koboo, anthu akuthamangira ku shedi yosungiramo thonje. Kunabwera anyamata asanu a ku Migodi oimba nyimbo za roko. Dzina la gulu lawo linali la Chizungu ndipo lilime langa limalikana mpaka lero. Mabuluku awo anali otambalala kumiyendo moti mbuzi ikanabisalamo mvula, nsapato zazitali ngati mtondo, tsitsi ngati chulu. Ndinawathandiza kutsitsa mabokosi m'lole, Sajeni ali kukhwapa, ndipo anandilowetsa ulere. Ndinati ndingoonako nyimbo imodzi yokha. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

M'shedimo tinakhala monga timakhalira pa msonkhano uliwonse, amuna mbali yakumanzere, akazi kumanja chakumbuyo, ndipo palibe ankacheukira mnzake. Munthu wina wa magalasi anapachika zokuzira mawu pamitanda ya denga, kutsogolo, pakati, mpaka kumbuyo pamwamba pa mitu yathu, ndipo anakhala pakona ndi makina a mawilo awiri ozungulira tepi. Ife tinkati akuyeza kutentha.

Ndiye gitala inalira. Ana inu, inalira! Sinali gitala yachitini ya abusa a ng'ombe ayi, iyi inkabuma ngati mkango umene waponda minga. Mango anayoyoka m'mitengo mpaka ku Vubwi, ndipo ndinamva kuti tsidya la Mozambiki amayi ena anasiya kusinja n'kuyamba kuvina osadziwa chowavinitsa. Musandiyang'ane choncho, inu kunalibe.

Kwathu kuno munthu akavina bwino kapena akaimba mokhudza mtima, sitimangowomba m'manja, timamufupa ndi chimene tili nacho. Ena anaponya makobidi, wina mpango, wina nzimbe. Ine m'thumba munali mphepo yokha. Mnyamata wa gitala uja atagwada pansi n'kuyamba kuiliza ndi mano, mutu wanga unachoka. Ndinakwera pabelo la thonje, ndinanyamula Sajeni m'mwamba n'kukuwa kuti, "Ine Lazaro Phiri, mkamwini wa kwa aBanda, ndafupa tambala!" Sajeni naye analira kulira kwake kotsamwa kuja, ndipo anayenda pamitu ya anthu, dzanja ndi dzanja, mpaka kutsogolo.

Nzeru zinandibwerera pa njinga, dzuwa litapendeka. Ndikanena chiyani kumudzi kwa eni? Ndinaima pa kaphiri kena, ndinadzikanda ndi minga pamkono ndi pakhosi, ndipo ndinafika kunyumba ndikutsimphina. Ndinati chiwombankhanga chinatsika pa kaphiri paja n'kundilanda Sajeni titalimbana kwambiri. Apongozi anamva chisoni, anatumiza madzi otentha ndi mafuta a nsatsi, ndipo aNabanda anandithowa mabala osafunsa kanthu.

Nkhani ya chiwombankhangayo mukuidziwa nonse, paja mumandipempha kuti ndiibwereze. Inakula pamodzi ndi ana anga. Chaka choyamba mbalameyo inali ngati mbuzi, Yosefe wathu woyamba atayamba sukulu inali ngati ng'ombe, ndipo pofika nthawi ya adzukulu inkandinyamula ndi njinga yomwe, n'kundionetsa madenga a ku Chipata. Zina zonse zimene ndimakamba anthu amati ndi bodza, koma iyi ankati maziko ake ndi oona, poti zipsera zilipo.

Chimbale cha tsiku limenelo chinatuluka, ndipo chinatchuka dziko lonse. Nditachimva koyamba pa galamafoni ya aphunzitsi ena mtima unali m'mwamba, koma mawu onse ankatulukira pa kabowo kamodzi, ndipo phokoso la anthu linkangomveka ngati mvula pa malata. Sajeni sanamveke, ine sindinamveke. Pa kaseti chimodzimodzi. Ndinati basi, nkhani yafera m'thonje. Ndinaiwala kuti mlandu suwola.

Tsono chaka chatha titakolola, kunabwera Chisomo, mdzukulu wanga wamkulu, mwana wa Yosefe, amene amagulitsa zoimbira m'sitolo ku Lusaka. Anatsika minibasi ndi makatoni, ndipo ndinamulonjera monga timachitira ndi adzukulu.

"Mkazi wanga wafika! Wanditengera chiyani, kapena wapeza mwamuna wina kutauni?"

"Amuna a ku Lusaka alibe nkhani ngati inu, agogo," anatero. "Ndakutengerani nyimbo zanu za ku shedi ya thonje zija. Anthu ena anapeza matepi oyambirira, anawatsuka, ndipo mawu a chokuzira chilichonse anawaika paokha. Tsopano sizimveka kutsogolo kokha ayi. Gitala uku, ng'oma uko, ndipo anthu oonerera amamveka kumbuyo kwanu, aliyense pamene anakhala."

"Aliyense?"

"Ngakhale amene anayetsemula, agogo."

Ndinati, "Mwanawe, zinthu za magetsi zimenezi zimaitana mphezi." Iye anati kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndinati batire ya sola ndi yofooka. ANabanda anati yakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Ndinati mutu ukundiwawa, ndipo anati, "Khalani pansi, aPhiri, nyimbo ndi mankhwala."

Chisomo anazungulitsa masipika asanu pabwalo pano, atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi lina lachisanu ndi chimodzi lonenepa longogunda ngati mtima. Anaika mipando iwiri pakati, wanga ndi wa agogo anu, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaima m'mphepete. Nyimbo itangoyamba, ana inu, ndinanunkhiza thonje. Munthu anatsokomola kumbuyo kwanga, ndipo aZulu oyandikana nafe anacheuka n'kuvula chipewa kuti ampatse moni, koma anapeza bokosi lili pa mpando. Anthu anaseka, ine osaseka. Ndinkawerenga nyimbo: yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Itafika ya mano ija ndinayamba kutsokomola mwadala, koma chifuwa cha nkhalamba sichingapose makina.

Kumbuyo kwanga, dzanja lamanzere, mnyamata wa mawu onga belu anakuwa kuti, "Ine Lazaro Phiri, mkamwini wa kwa aBanda, ndafupa tambala!" Ndipo pompo, kokoliri, n'kutsamwa, n'kutsokomola. Atambala athu a pakhomo pano anayankha onse.

AZulu anati, "APhiri, chiwombankhanga chija chinkaimba gitala?" Ine maso pansi, kuopa kuyang'ana mayi amene ndinamunamiza zaka makumi asanu, amene anandithowa mabala a minga yodzibaya ndekha. Za kuseka kwa anthu sindinasamale, ndinkangoopa nkhope yake.

Koma chimbale sichinaime. Kumbuyo chakumanja, kumene kunkakhala akazi, kunamveka mtsikana akukuwa kuti, "Mayo ine, tambala wa amayi uyo! Bambo a Yosefe apenga!" Ndipo anaseka, n'kuimba nthungululu yaitali yokwera katatu, imene mudzi uno umaidziwa pa ukwati uliwonse.

Mitu yonse inatembenukira kwa aNabanda. Iwo anangokonza duku lawo.

"Inu munanena kuti mukupita ku sikelo ndi mwana tsiku limenelo," ndinatero.

"Ku sikelo ndinapita. Pobwera ndinamva gitala. Kodi miyendo ndi ya amuna okha?"

"Nanga pakhomo pa shedi paja munalowa bwanji?"

"Ndi mazira a amayi, aja ndinati anasweka m'njira."

"Ndiye zaka zonsezi mumadziwa, n'kumandisiya ndikukwera kumwamba ndi njinga?"

"Ndikanaulula bwanji osadziulula ndekha? Komanso mbalame yanuyo inkakula bwino, ndinkafuna ndione pamene idzalekere."

Ana inu, anthu anagubuduka m'fumbi. Chisomo anagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinamupempha kuti abweze pamalo pomwe paja, osati pa tambala, koma pa kuseka kwa mtsikana uja. Anabweza katatu. Ndinakhala naye m'shedi imodzi, pa nyimbo imodzi, koma sindinacheuke, ndipo kuseka kumeneko ndinadzakumva nditakalamba. Kachitatuko ndinaimirira n'kuwagwira dzanja agogo anu, ndipo tinavina pakati pa masipika, mawondo akulira kuposa ng'oma.

Chimodzi chokha chinandiluma. Apongozi anapita kumanda akundimvera chisoni pa chiwombankhanga chimene kunalibe. M'mawa mwake ndinagwira tambala wanga wofiira, aNabanda anatenga kambale ka mazira, ndipo tinayenda limodzi kukapereka kwa mng'ono wa agogo anuwo, amene analowa m'nyumba ya malemu. Anatiyang'ana, anayang'ana tambalayo, n'kunena kuti, "Wachepa. Sajeni ankapatsidwa moni ndi agalu." Koma analandira.

Ndiye inu a masiku ano, amene chilichonse mumachijambula pa foni, nkhani zokometsera kambani ndithu, pakuti mudzi wopanda wokamba nkhani uli ngati ndiwo zopanda mchere. Koma ngati pansi pa nkhaniyo pali tambala wa mwini, kabwezeni mwiniwake akali ndi makutu, musadikire kuti bokosi likuyankhulireni. Ndipo nyimbo ikakoma, muzicheukako kumbuyo, mwina amene akuseka kumeneko ndi wanu. Thirani makokowo kukhola, nsawa mupereke kwa agogo anu. Akakufunsani ngati ndakamba zoona lero, muwauze kuti za mango a ku Vubwi zokha ndi zimene bokosi silinajambule.