Mankhwala Awiri M'chitini Chimodzi

Pamzere wa sitolo ya mankhwala panali bambo wotsokomola kwambiri. Mayi amene anaima kumbuyo kwake anamufunsa.

"Pepani bambo, chifuwachi chinayamba liti?"

"Chigulireni bafa lalikulu la madzi otentha, lolowa anthu anayi. Madzi ake sititaya, timangothiramo mankhwala Loweruka lililonse."

"Ntchito yanga ndi yomweyo, ndimasamala mabafa otero. Mumathira chiyani?"

"Klorini wopha majeremusi, ndi asidi woti madzi asamachite mbuu."

"Mumayamba kuthira uti?"

"Kuyamba? Ndimangophatikiza m'chitini chimodzi n'kutakasa. Ukatuluka utsi woyabwa m'maso, ndimadziwa kuti sanandigulitse achinyengo."

"Bambo inu, utsi umenewo ndi poizoni. Umawotcha mapapo, umapha munthu. Awiriwo sakumana, ngakhale pashelefu."

"Miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikupuma poizoni?"

"Mumasakanizira kuti?"

"Panja."

"N'chifukwa chake mudakali moyo."

"Dikirani. Lero ndi Loweruka eti?"

"Eya."

"Mayi akunyumba anati ndipume, asakaniza okha. Ndi mvulayi, anati achitira m'khitchini."

"Aimbireni msanga."

Bamboyo anali atatuluka kale, foni ili kukhutu.