Alamu anga sanalodze chinangwa changa

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndikulemba kuchokera ku Itepela, kuno ku Ngauma.

Chaka chatha chinangwa changa chinkaola mkati ndisanakumbe. Cha alamu anga, amene tinachita nawo malire, chinali bwinobwino. Ndinapsa mtima, n'kuwanena pagulu kuti andilodzera munda. Mlongo wanga, amene ndi mkazi wawo, anasiya kundiyankhula.

Kenako kunabwera mayi wina wa ku Cuamba wofufuza matenda a mbewu, ndipo anatenga masamba kukayeza. Atabweranso anati, "Bambo, zimene tapeza tinaziika mu komputadori yaikulu imene ofufuza a m'mayiko ambiri timagwiritsa ntchito limodzi. Zafanana ndi kachilombo kamene anzathu ena anakapeza kale. Kamayenda ndi mitengo yobzala. Yanuyi munaitenga kuti?"

Ndinali nditagula ndekha kwa wamalonda wina ku Mandimba. Manyazi anandigwira.

M'mawa mwake ndinapita kukapepesa. Alamu sanachulutse mawu, anangotenga chikwanje n'kukandidulira mitengo yabwino m'munda mwawo.

Ndikuthokoza ofufuza amene sabisa zimene apeza. Ena a iwo sadziwa n'komwe kuti kuli Itepela, koma anayanjanitsa banja lathu.