Maliro Amene Amayi Sanabwere

Moni abale anga mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye wa ku Sinda. Korona ndiye ananditengera amuna anga, ndipo anatsala pang'ono kunditengeranso amayi ondibereka.

Mukudziwa mwambo wathu: pa maliro azimayi timadzazana m'nyumba ya siwa, phewa ndi phewa, kuyimba ndi kulira, ndipo mayi wa namfedwa amakhala pambali pa mwana wake. Amayi anga, okalamba, odwala shuga, anali atamanga kale kathumba kwawo ku Vubwi kuti abwere kumaliro a amuna anga. Ine ndinali nditayamba kutsokomola. Ndinkawafuna ndi mtima wonse, komanso ndinkaopa kuwapha. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, pemphero osatuluka bwino, ndinkangoti, “Ambuye, ndichite chiyani?”

Yankho linabwera ndi munthu amene sindinkamuyembekeza. Alamu anga, akulu awo a malemu, amaphunzitsa masamu ku Katete, ndipo ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Anaima patali, nayala njere za chimanga pa lichero: imodzi, pansi pake ziwiri, kenako zinayi, mpaka lichero linayera ndi njere.

“Tinene kuti aliyense apatsira awiri matendawa,” anatero. “Yoyambayi ndinu, alamu. Muzindikire kuti amama anu ali mumzere wachiwiri.”

Kenako anachotsa njere imodzi ya mumzerewo pamodzi ndi zonse za pansi pake. Theka la lichero linatsala lopanda kanthu. Anati kutalikirana kumachita zimenezo lero, katemera adzachita zomwezo akafika.

Anawaimbira okha foni amayi kuti asakwere galimoto. Analetsanso kugona pasiwa. Ndinalira amuna anga ndekha m'chipinda, popanda wondigwira. Kunja anthu ankati ndine wouma mtima, ena mpaka kunena kuti ndikubisa chimene ndinawadyetsa. Zinandipweteka kuposa chifuwa chija, ndipo ena mwa iwo sitilankhulana mpaka pano.

Mwezi womwewo mudzi woyandikana nafe unachita maliro mwa mwambo wonse. Agogo amene ankatsogolera nyimbo kumeneko tinawaika posakhalitsa.

Katemera atafika, amayi anakabayitsa, inenso ndinabayitsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuda. Inu amene mukunyozedwa chifukwa choteteza wina, pirirani, akuona.

Tsiku loika chiliza amayi anabwera. Anakhala pansi pambali panga, nandigwira phewa, nayamba kulira mkamwini wawo mokweza ngati wamwalira m'mawa womwewo. Ine ndinangowagwira dzanja. Linali lofunda.